Ndinawayankhira amalume kwa dokotala

Amalume anga amalima fodya kufupi ndi Furancungo, ku Macanga. Sukulu sanaiponde. Nthawi ya Apwitikizi ankaweta mbuzi, atakula nkhondo inawathamangitsira ku Malawi, ndipo anabwerako mtendere wa 1992 utafika. Pa mapepala a fodya amadinda chala. Ine Chipwitikizi ndinachiphunzira kuno ku Tsangano, choncho pepala lililonse la m'banja mwathu limathera m'manja mwanga.

Chaka chatha m'nyengo yachisanu, akazi awo anandiimbira foni. Anati akuluwo akudzuka kasanu ndi kawiri usiku umodzi, mkodzo ukungodontha, ndipo kuchipatala chakwawo awalembera kalata yopita nayo ku Tete. Ndinasiya kachewere wanga m'munda, tinakumana, n'kukwera minibasi, imene kuno timaitcha chapa. Powoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel iwo anali chete, atakumbatira chipewa, thukuta lili kamukamu.

Dokotala sankadziwa Chinyanja, ndiye womasulira ndinali ine. Anafunsa ngati mumkodzo mumaoneka magazi, ngati msana umawawa, ngati bambo awo kapena abale awo anadwalapo chonchi. Kenaka anati pakufunika kuyeza magazi, kuyeza kotchedwa PSA, komanso kuwapima ndi chala kudzera kumbuyo.

Apa m'pamene ndinalakwa. Awa ndi atsibweni, alongo awo a mayi anga, amene anandiimirira pa ukwati wanga. Ndikanayamba bwanji kuwauza zachala? Lilime linauma. Mafunso onse ndinayankha ndekha kuti ayi, osawafunsa n'komwe, ndipo zopimazo ndinati akana. Iwo anandigwira mkono.

"Akuti bwanji, mphwanga?"

"Akuti ndi ukalamba chabe, amalume."

Dokotala anatipatsa pepala loyezera magazi, kuti tibwerenso. Ndinaganiza za ndalama ya chapa ndi kachewere amene ankandidikira, ndipo pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'kope langa lolembamo ngongole. Amalume anandithokoza kwambiri tsiku limenelo. Anandigulira ndi chakumwa chozizira.

Mvula itayamba, mkodzo unatsekeka kotheratu. Anawanyamula usiku pa njinga yamoto, m'matope, chikhodzodzo chitatupa, munthu wamkulu akulira ngati mwana. Ndinawapeza m'mawa atawaika kapaipi, kathumba ka mkodzo kali pambali pa bedi.

Namwino wa tsikulo anali bambo wachikulire wolankhula chinenero chathu. Anawafunsa mafunso omwe aja, ndipo amalume anayankha onse mosazengereza, opanda manyazi ngakhale pang'ono. Ananenanso chimene ine sindinkachidziwa: bambo awo anamwalira chimodzimodzi, mkodzo utatseka, anthu n'kumati anawalodza. Manyazi aja anali anga ndekha.

Namwinoyo anatenga cholembera n'kujambula kuseri kwa pepala. Ichi ndi chikhodzodzo. Pansi pake pali kachiwalo ka amuna okha, kotchedwa prostate, kukula kwake ngati kachewere wamng'ono wambewu, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Munthu akamakula kamatupa n'kufinya njirayo. Nthawi zambiri kutupako si khansa, ndipo PSA ikakwera sizitanthauza kuti khansa yapezeka; pamafunika kupima kwina. Koma khansa ya pamenepa imayamba mwakachetechete, osamva kuwawa, ndipo imakonda amuna opitirira zaka 50, anthu akuda, ndi amene bambo kapena mbale wawo anadwalapo. N'chifukwa chake mwamuna wotere ayenera kukambirana ndi dokotala zoyezetsa asanamve chilichonse. Amalume anatsatira chithunzicho ndi chala chawo chodindira chija, n'kufunsa mafunso anzeru kuposa amene ine ndikanafunsa.

Namwinoyo atafunsa ngati anayezetsapo magazi, ndinatulutsa kope lija. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kuulula zonse. Amalume anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Kuwerenga sindidziwa, mphwanga, koma makutu ndili nawo. Thupili ndi langa."

Sanandikalipire, ndipo mpaka lero mawu amenewo amandidzutsa usiku. Miyezi isanu inatayika m'kope la ngongole. Atawadula kanyama kokapima, anapeza kuti ndi khansa, ndipo tsopano ali pa chithandizo.

Mwezi watha tinapitanso ku Tete, ulendo uno ndi mng'ono wawo wa zaka 54, amene sakumva kuwawa paliponse ndipo nayenso sawerenga. M'chapa amalume ankamuphunzitsa zokanena, akuwerenga pa zala: uwauze za bambo athu ndi za ine, ufunse ngati msinkhu wako wafika poyezetsa, ufunsenso chimene chidzatsatire magaziwo akakwera. Ukapanda kumva, unene kuti abwereze, kapena akujambulire.

Titafika ndinapempha kuti papezeke namwino wa Chinyanja. Awiriwo analowa. Ine ndinatsala pa benchi panja, nditagwira zipewa zawo.