Malupanga a ku Paris, ngongole za ku Mandimba

Filimu ya malupanga ndi yoopsa kwa mwamuna wa msinkhu wanga. Umalowa m'chisakasa cha vidiyo uli wakabaza wamba wa pakati pa Mandimba ndi Chiponde, msana ukuwawa. Potuluka dzanja likuyabwa, mpope wa njinga wasanduka lupanga, ndipo agalu a m'njira amayamba kukulambalala.

Imene yandizunguza mutu masiku ano ndi The Three Musketeers ya mu 1973, imene anaitsogolera Richard Lester. Ife a benchi yakumbuyo timangoti "ya azibambo a zipewa za nthenga ija". Nkhani yake inachokera m'buku limene Alexandre Dumas anatulutsa ku France mu 1844. Mnyamata wakumudzi, D'Artagnan, ananyamuka kwawo ku Gascony kupita ku Paris kukafuna usilikali kwa mfumu Louis XIII. Anakwera kavalo wochititsa manyazi, ndipo lupanga limene bambo ake anamupatsa linathyoka asanafike n'komwe. Apa ndinakhala tsonga. Ameneyu ndi ine ndithu, tsiku limene ndinachoka ku Massangulo, ku Ngauma, pa njinga yomangirira mabuleki ndi lamba wa chubu.

Chimene chandigwira mtima ndi kamenyedwe kake. M'mafilimu a karate amene tinazolowera, bwanamkubwa amagwetsa anthu gulu lonse osatuluka thukuta, tsitsi lili chipesereni. Muno ayi. Amene anakonza ndewuzi, William Hobbs, anazisiya zikhale za anthu enieni. Munthu amazunguza lupanga kawiri, kachitatu wefuwefu. Wina amaterereka, wina amaponda mnzake phazi, wina lupanga likakodwa amangoponya theche. Ndewu ina imachitikira pakati pa nsalu zoyanika, asilikali a Cardinal Richelieu akukodwa m'zochapa za eni. Oliver Reed, amene akusewera Athos, amamenya mwaukali wa munthu amene amudzutsa asanathe tulo. Michael York, amene akusewera D'Artagnan, akati adumphe mwaulemerero, mtima wako umakhala m'mwamba kuti kaya atera poyenera. Ndipo njala itawapana, akuluakuluwa amayambitsa ndewu yabodza m'nyumba yodyera, chipwirikiti chili mkati, nkhuku ndi mabotolo zikuzimiririka pa matebulo a anthu. Chisakasa chonse chinaseka, koma ine ndinaonetsetsa bwino momwe amachitira, poti mwezi uno ndi wautali.

Nditafika kunyumba ndinalengeza kuti kuyambira lero ndine D'Artagnan wa mumsewu wa N13. Tsoka ilo panali mphwanga amene amaphunzira ku Cuamba, ndipo iye bukulo analiwerenga m'Chipwitikizi. Anati, "Malume, mumamudziwa Porthos?" Kenaka anafotokoza kuti m'bukumo Porthos amayenda monyada ndi lamba wa lupanga wonyezimira ndi golide, koma golideyo ali kutsogolo kokha. Kumsana ndi chikopa wamba chimene amachibisa ndi mwinjiro.

Mayi a kunyumba anasiya kusenda mbatata.

"Ndiye inu amenewo, bambo. Jekete yanu ya kumaukwati ija, yositidwa kutsogolo, kumbuyo chigamba cha kapulana yanga. Anthu amati mumakonda kukhala chotsamira khoma chifukwa cha ulemu."

Sindinayankhe. Msilikali wa mfumu salimbana ndi amayi atagwira mpeni.

Mphwanga yemweyo anandiuzanso za kuseri kwa filimuyi. Eni ake, Alexander Salkind ndi mwana wake Ilya, anajambulitsa zambiri ku Spain, kenaka n'kuidula pakati kuti akhale mafilimu awiri. Yachiwiri, The Four Musketeers, inatuluka mu 1974, pamene osewera ngati Charlton Heston, Raquel Welch ndi Christopher Lee anali atagwirizana za filimu imodzi. Anadandaula, ndipo kuchokera pamenepo mapangano a osewera anayamba kunena poyera kuti mafilimu akhala angati. Ndinawamvera chisoni ngati abale. Ife timawadziwa makasitomala amene mumapangana kuti ndi iwo okha, pofika pokwera n'kutulukira thumba la nandolo, ndowa ndi mwana wakubereka, mtengo womwewo.

Koma pamene ine ndi D'Artagnan tasiyana ndi pa mwayi. Iye tsiku limodzi lokha anaputa anthu atatu. Anagunda phewa lovulala la Athos, anakodwa mu mwinjiro wa Porthos, anachititsa manyazi Aramis pa nkhani ya kampango. Onse anamuitana kukamenyana, ndipo m'bukumo anawandandalika bwinobwino: wina 12 koloko, wina 1 koloko, wina 2 koloko. Atakumana pamalo amodzi, kunatulukira asilikali a Richelieu kudzawagwira chifukwa ndewu zotere zinali zoletsedwa. Anayiwo anagwirizana, nawathira machaka, n'kubwerako atagwirana manja ali mabwenzi.

Inenso atatu anga ndili nawo: wa golosale amene ndinatengako mafuta ophikira, wokonza njinga amene anandiikira tayala, ndi alamu anga amene anandibwereka ma meticais nthawi ya maliro. Loweruka ndinati ndiyese nzeru ya Mfalansa. Ndinawapatsa nthawi zawo, 12, 1 ndi 2 koloko, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi poimira ma chapa, ndi chiyembekezo choti aliyense ndimupepesa payekha. Wa 12 anachedwa, wa 2 anafulumira. Anafika onse pamodzi.

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina kutulukira mdani woti tigwirizane pomumenya. Kunangodutsa mbuzi. Atatuwo anapatsana moni, anafunsana kuti "Nanunso?", n'kutulutsa makope awo a ngongole. Ubwenzi unachitikadi monga mufilimu muja, moti anachoka akuseka, akugundana mapewa, alamu anga ali pakati akukankha njinga yanga.