Makina Osadziwa Chibale

Ku Lifidzi galimoto siichedwa kuda. M'chilimwe fumbi limalowa mpaka m'thumba la malaya a dalaivala, m'dzinja matope amamata nambala mpaka wapolisi kuchita kukanda ndi kamtengo. Ndiye mkulu wina atabwerako ku Joni, komwe anaona anthu akuponya ndalama m'makina n'kumadzitsukira okha galimoto, anati chuma chili pompano. Anathira simenti m'mbali mwa msewu wopita ku Ulongwe, n'kukweza thanki pansanja, n'kugula pampu ndi kabokosi komeza khobidi la 10 metikali. Ukaponya limodzi madzi amafwamphuka kwa mphindi zingapo, kenako zii. Pakhoma analemba m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa kuti aliyense adzitsukire yekha. Masamu ake anali akuti sadzalipira wantchito.

Munthu wa kuno mkuluyo anali atamuiwala. Bambo amene walima mbatata ya kachewere zaka zisanu m'munsi mwa phiri la Domwe kuti agule kapikapu sanakagule kuti azikagwada pamsewu n'kumapukuta matayala apongozi ake akudutsa. Anakagula kuti azikhala pampando, Fanta m'manja, foni kukhutu, chala chikuloza: "Iwe, apo sipanayere." Kukoma kwa kutsukitsa galimoto n'komweko. Loweruka madzulo aliyense amafuna aonedwe akulamula, kuti Lamlungu akaimika galimoto pa mishoni ija anayambitsa Ajezwiti mu 1909, anthu adziwe kuti kuwalako ndi thukuta la munthu wina.

Makasitomala anabwera ndithu, koma aliyense ndi mnyamata wake. Wina mdzukulu, wina mwana wa mlongo wake, wina wongomutola panjira. Anyamata amene ankatsukira kumtsinje ndi ndowa atamva, anasamukira konko ndi masanza awo, n'kumalandira ndalama yoposa imene makina ankameza.

Mlandu waukulu unali wa makhalidwe. Makinawo sapereka moni. Safunsa za kunyumba, za odwala, ngakhale za mvula. Sadziwa kunenerera mtengo, sapereka basela, ndipo mawu akuti "ndidzapereka fodya akagulidwa" sawamva. Choipitsitsa, sadziwa chibale. Atsibweni a mwini malo anafika tsiku lina ndi galimoto yawo, n'kugwira paipi, n'kuima chilili.

"Madzi ali kuti, mphwanga?"

"Muponye khobidi m'kabokosimo, atsibweni."

"Ine? Amene ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti iwe ukwere basi ya ku Joni?"

"Si ine, atsibweni, ndi makinawa."

"Ndiye uwauze kuti ndine ndani."

Khobidi linatuluka m'thumba la mwini malo. Kuyambira tsikulo mbiri inawanda kuti makina aja amamva ndithu, bola ulankhule nawo kudzera mwa mwini wake. Achibale anachuluka modabwitsa. Ena anali a mfunda umodzi, ena anabatizidwa naye tsiku limodzi, wina anangoti amayi ake ndi amayi a mwini malo ankatunga madzi pachitsime chimodzi nthawi ya nkhondo ali kothawira ku Dedza.

Amene ankalipira nawonso anali ndi luso lawo. Anyamata a njinga zamoto zonyamula anthu amandandalitsa njinga zisanu, kuzipakiratu sopo zonse, wina n'kuponya khobidi limodzi, paipi n'kumapatsirana mothamanga ngati mpira wa m'mphindi zomaliza. Mlimi wina anatsitsa matumba a mbatata n'kuitsuka kuti ikaoneke bwino pamsika. Wina anabwera ndi ngolo, ng'ombe zili m'goli, akuti nayonso ili ndi matayala ndipo pakhoma sanalembe kuti ya injini yokha. Mu June, kuzizira kwa ku Angónia kutafika, amayi anatulukira kuti paipiyo imachapa mabulangete popanda munthu kuviika manja.

Kutsegula kabokosi Loweruka kunali ngati mwambo wa maliro. Munkapezeka ma metikali owerengeka, makobidi a kwacha ochokera kutsidya kwa malire, mawashala a njinga, chitsekero cha botolo chophwanyidwa ndi mwala mwaluso ndithu, ndipo tsiku lina mendulo ya woyera mtima, imene mwini wake anabwera kudzaitenga atakwiya kuti makina anamubera. Madzi ake ndi a pachitsime, ndiye sefa imatsekeka ndi mchenga sabata iliyonse, ndipo thanki ikauma wina n'kuumirirabe, pampu imapsa. Kamutu ka paipi kakatha, m'sitolo za pafupi mulibe. Uyenera kukwera minibasi ya chapa mpaka ku Tete, apo ayi kudutsa malire pa Calomue kukasaka ku Lilongwe. Paipi yeniyeniyo inasowa kawiri, ndipo dimba lina la kabichi linabiriwira mwadzidzidzi.

Za magetsi n'zosayamba. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, koma magetsi amadziwa nthawi yothimira: pamene galimoto ya mkulu wa sukulu yangopakidwa kumene sopo. Akapanda kuthima, ndiye kuti mayunitsi a Credelec atha, mwini malo n'kumalimbana ndi M-Pesa netiweki ikukana, sopo akuumira pagalasi.

Lero munthu uja ankathawa kulipira wantchito ali nawo atatu: mlonda wa paipi, mnyamata wosintha ndalama, ndi wina wotsekereza a mabulangete, yemwe amayi ake ndi amene amachapa ambiri. Iye mwini amakhala pomwepo tsiku lonse ndi kiyi m'khosi. Dzulo masana ndiye amene anagwira paipi, buluku atapinda mpaka m'maondo, akutsuka galimoto ya alamu ake, omwe anati sangaponye khobidi chifukwa ali ndi ya pepala yokha, ya 1000, ndipo chenji adzachita kutumiza mwana.