Checkmate Yafika kwa Zingalume

Anyamata a kwa Zingalume, m'boma la Chadiza, atola mawu atsopano. Akagonjetsa mnzawo pa nsolo, pa drafuti kapena pa mpira, amakuwa kuti "checkmate!" Mawuwa ndi a masewera a chesi, ndipo ngakhale timawamva m'Chingerezi, kwawo si ku England. Chesi inayambira ku India cha m'zaka za m'ma 500, kenako inafika ku Persia, dziko limene lero ndi Iran. Kumeneko munthu akatsekereza mfumu ya mnzake ankati "shah mat", kutanthauza kuti mfumu yasowa kothawira. Aluya anapita nawo ku Spain, Afalansa anawatchula mwa lilime lawo, ndipo m'zaka za m'ma 1300 analowa m'Chingerezi. Nazi zimene akumana nazo kuno kwathu.

Agogo ndi mdzukulu

Mdzukulu anafika pakhomo akudumphadumpha.

"Agogo, mnzanga uja ndamuchita chekimeti!"

"Cheka, meta? Iwe mwana, wamucheka pati mwana wa eni? Nanga lezala walitenga kuti?"

Mnyamata anafotokoza kuti palibe amene wavulala, ndipo ena amamasulira mawuwo kuti mfumu yafa.

"Ohoo," anatero agogo, mtima utakhala pansi. "Ngati yafa, kumetako n'koyenera. Maliro satha anthu asanamete."

Mfumu ya m'katoni

Mphunzitsi wina ankaphunzitsa ana chesi pansi pa mtengo wa mango. Mwana mmodzi atapambana, onse anafuula kuti, "Mfumu yafa! Mfumu yafa!" Anyakwawa amene ankadutsa pa njinga anagwira mabuleki mpaka fumbi koboo.

"Aphunzitsi, ndani watisiya ine osamva?"

"Pepani mfumu, akunena iyi, yosema ndi mtengo."

"Mbumba yake ili kuti? Anailonga ufumu ndani?"

"Inabwera m'katoni kuchokera ku Chipata."

"Inapitako ku Mkaika pa Kulamba, kukagwada kwa a Gawa Undi?"

"Ayi mfumu."

"Basi, imeneyo ife ndithu. Pitirizani."

Mkamwini

Ku Persia, kachidutswa koima pafupi ndi mfumu kanali nduna, ndipo kankangosuntha pang'ono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ku Ulaya, kanali katasanduka mfumukazi ndipo kanapatsidwa mphamvu zoposa tonse. Mphunzitsi uja anafotokozera mkamwini wina malamulowo: mfumu imaponda phazi limodzi lokha, pamene mfumukazi imapita kulikonse kumene yafuna.

"Imani kaye," anatero mkamwiniyo. "Abambo phazi limodzi, amayi bwalo lonse? Musavutike n'kundiphunzitsa. Masewera amenewa ndakhala ndikusewera kuyambira tsiku limene ndinalowa chikamwini."

"Nanga checkmate mumaidziwa?"

"Imeneyo amanena ndi apongozi."

Cheke ya soya

Akatswiri a zinenero amati ngakhale mawu oti cheke, ija ya kubanki, muzu wake ndi "shah" yemweyu. Mlimi wina wa soya atamva zimenezi anawomba m'manja.

"Ndiye n'chifukwa chake! Venda uja anandipatsa cheke n'kunyamula matumba onse. Kubanki akuti mulibe ndalama. Kunyumba kuli mwini ngolo, mwini feteleza ndi amake mwana, onse akudikira ine. Kumanzere kwatsekeka, kumanja kwatsekeka."

"Ndiye mutani, achimwene?"

"Mwati mfumu ija imatani ikasowa kothawira?"

"Masewera amathera pomwepo."

"Ili ndi mwayi. Ine mawa akubweranso."

Katswiri wa nsolo

Anyamata anauza mkulu wina wodziwika pa nsolo kuti Zambia ili ndi katswiri wa chesi, Amon Simutowe, amene mu 2009 anakhala munthu woyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kulandira ulemu wa grandmaster.

"Iyeyo amangotsekereza mfumu imodzi?" anafunsa mkuluyo. "Abwere kuno. Ife timadya miyala yonse mpaka maenje ayere mbee!"

"Koma amalume, lero mwadyedwa ndi mwana wa giredi 5."

"Ameneyo ndimamulera. Mwana samuumira chakudya."

Choncho inu anyamata a kwa Zingalume, checkmate isungireni chesi, kumene kuli mfumu yoti itsekerezedwe. Pa bwalo la mpira palibe mfumu, pali zigoli. Mukachinya timu ya mudzi wina, nenani kuti tawakwapula, kuti nawonso agogo amve n'kukululutirani.