Kodi pa sitampa timalipirapo chiyani?

Mlembi wa kopaletivi ya alimi kuno ku Bowe akakhala ndi makalata 200 oitanira mamembala ku msonkhano wapachaka, awatumize bwanji kuti afike nthawi yabwino osatha ndalama za gulu?

Ku positi ofesi za Malawi Posts Corporation kuli kalata wamba yongomata sitampa, kuli ya lejisitala imene wolandira amasainira, ndiye kulinso EMS, yachangu koma yokwera mtengo. Ya lejisitala ndimaimvetsa, munthu ukugula umboni woti yafika. Nanga yachanguyo? Kalata yochokera ku Lilongwe, yodula kaya yotchipa, msewu wake ndi M1 womwewo, kudutsa Lumbadzi ndi Mponela mpaka Madisi. Kodi galimoto imathamanga kwambiri ikanyamula kalata yodula? Kapena chimene timalipira n'choti yathuyo aisankhe poyamba, isagone pamulu?

Ku Britain, Rowland Hill anawerengetsera mu 1837 n'kupeza kuti kunyamula kalata mtunda wautali kumadya ndalama zochepa kwambiri. Zambiri zimathera pa manja a anthu oilandira, kuilemba m'mabuku ndi kutolera malipiro. N'chifukwa chake mu 1840 anayamba mtengo umodzi dziko lonse, pa sitampa yoyamba ija ya Penny Black. Kwathu kunonso amaika kalata pasikelo, safunsa ngati ikupita pa Mponela pompa kapena ku Nsanje.

Tsono ngati chodula ndi ntchito ya manja, wothandiza ntchitoyo sayenera kutsitsiridwa mtengo? Ku America amatero. Wotumiza makalata ofanana osachepera 200, akawasanja yekha potsata madera, amalipira zochepa, koma amavomera kuti ake ayende pambuyo pa ena. Mlembi wathu naye akhoza kukhala pamkeka madzulo, a ku Madisi mtolo wake, a ku Ntchisi mtolo wake, uliwonse n'kumanga ndi mphira. Msonkhano uli mwezi wamawa, safuna liwiro iye. Kodi thukuta lakelo, ndi kudekha kwakeko, siziyenera kuoneka pa mtengo?

Koma chondizunguza mutu kwambiri ndi ichi. Kuno kulibe wopereka makalata khomo ndi khomo. Adiresi ya ambiri ndi bokosi la sukulu ya pulayimale kapena la mpingo. Kalata ikhoza kufika msanga ndithu, koma idikira m'bokosimo mpaka aphunzitsi aakulu atapeza mpata wopita ndi kiyi. Ikatero, mwana wa Sitandade 6 aipana pakati pa kope la masamu, awoloke nayo dambo, akapereke kwa agogo ake. Ya kumpingo idikira Lamulungu, pa zolengeza, pamene amatchula mayina. Mwiniwake akajomba, ndiye sabata ina imeneyo.

Ena amati ingotumizani uthenga pafoni. Chabwino, koma nanga amayi aja amene foni yawo imakhala yozima mpaka tsiku la msika pamene amakatchaja? Nanga lipoti la ndalama lofunika chidindo ndi siginecha?

Ndiye akamati kalata yachangu imafika masiku akutiakuti, amalekera pati kuwerenga masikuwo, pabokosi kapena m'manja mwa mlimi? Ndipo wakabaza amene amakweza nayo mapiri a ku Ntchisi nyengo yamvula, malipiro ake ali pa sitampa iti?