Za ndalama ya m'bokosi la agogo

Okondedwa achimwene,

Kuno chisanu cha Juni chatikhaulitsa, koma tikupuma.

Chithunzi cha ndalama mwaipeza m'bokosi la agogo ija ndachiona pa WhatsApp, kungoti chala chanu chaphimba mutu wonse, moti sindikudziwa ngati ndi mfumukazi kapena mfumu ya ndevu. Ndamvanso kuti amalume ayamba kale kufunsa mitengo ya minibasi, ndipo alamu asiya kuyankha moni ku Chinamwali konse. Dekhani kaye. Musayesenso kuti poti ndili ku Joni ndiye kuti golide ndimatsamira. Ine ndimatsuka magalimoto ku Mayfair, golide ndimangomuonera pagalasi la sitolo, mlonda akundiyang'ana m'matumba.

Komabe ndinakafunsa kwa mdala wina wogula ndalama zakale m'tauni muno. Akuti ikakhala sovereign yeniyeni ya Angelezi, ya munthu wokwera hatchi akulimbana ndi chinjoka, imalemera magalamu 7.98, ndipo kutambalala kwake ndi mamilimita 22. Tsono musakayeze pasikelo ya nyama ya mumsika waukulu, paja sikelo imeneyo ili ndi maganizo akeake. Pezani kasikelo ka manambala, kaya kwa mnzanu uja amagwira ku labu ku Chanco. Kenako chotsani maginito m'sipika ya wailesi yakufa ija muyandikizitse. Ikamata, phwando latha. Ikapanda kumata musayambe nthungululu, chifukwa mkuwa nawonso sumata.

Valani magalasi a amayi muwerenge zilembo. Mutu ukakhala wa George V, yang'anani pansi pa mapazi a hatchi. Mukaona tizilembo ta SA, ndiye kuti inasulidwa ku Pretoria pakati pa 1923 ndi 1932, ndipo mwina agogo anabwera nayo kuchokera ku Wenela. Koma mukaona mutu wa Victoria, kuseri kwalembedwa To Hanover ndi chaka cha 1837, pepani, ndi kamkuwa kamene azungu ankawerengera juga ya makadi. Paja Zomba inali likulu mpaka 1975, ndipo agogo anaphikirako azungu a boma kuphiri kuja. Zotola pansi pa tebulo posesa zinali zambiri.

Chimene mdala uja anachibwereza ndi chakuti musaitsuke. Alamu ndimawadziwa ine, akaona chinthu chakuda manja amawayabwa. Phulusa, mchenga, mandimu, zonsezo zikhale patali, chifukwa ndalama yakale ikakalika mtengo wake umatsika. Kuiluma kuja mumaonera m'mafilimu musayese, mano otsalawo tiwasunge. Anyamata ogulitsa miyala yonyezimira pamsewu wa ku Chawe musawaonetse, angakuuzeni kuti ndi batani la jekete n'kukupatsani mbale ya mabulosi.

Musaitumize kuno ndi a mabasi. Ikhoza kunyamuka ku Blantyre ili golide, n'kufika pa Park Station ili 50 tambala. Ndidzabwera ndekha pa Khirisimasi, ngati mapepala angalole.

Ikapezeka kuti ndi yeniyeni, kumbukirani kuti agogo aja anali anganso, ndipo ndine ndinkawatungira madzi. Ikakhala ya mkuwa, sungani ndinu, paja ndinu wamkulu.

Moni kwa amayi. Bulangete lawo ndagula kale.

Ine mng'ono wanu,
wa ku Joni