Kapheredwe ka nkhuku kosafuna mpeni

Chaka chilichonse chitopa chikadutsa, mnansi wanga amaima pakhomo manja ali m'chiuno n'kulengeza kuti nkhuku zake zalodzedwa. Luso lakeli ndakhala ndikulionera pampanda, ndiye ndati ndigawireko ena ofuna kuti pofika Khirisimasi m'khola mukhale mbee.

Yambani ndi malo. Khola la nkhuku khumi, inu ikanimo makumi anayi. Nanga minibasi imakwana bwanji? Nkhuku ikamajomphedwa koma kothawira kulibe, tiziwalo tina ta pafupi ndi impso timatulutsa homoni yotchedwa corticosterone. Ya kanthawi kochepa ndi yabwino, ndiyo imapereka liwiro kabawi akatsika. Koma ikakhazikika m'magazi masabata angapo imachepetsa asilikali a m'thupi, n'kufooketsa ziwalo zomwe asilikaliwo amakhwimiramo. Hans Selye anaziona kale mu 1936 pa makoswe ozunzidwa: chiwalo chotchedwa thymus chinafota, m'mimba munabuka zilonda. Musadandaule, amenewo ndi makoswe a ku Canada, nkhuku zachikuda ndi zopirira.

Chodyeramo chikhale chimodzi, makamaka chivundikiro cha ndowa. Nkhuku zili ndi maudindo awo: wamkulu amajompha aliyense, wotsatira amajompha onse kupatula wamkulu, mpaka kukafika pa kamsoti komwe kamangolandira. Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway ndiye anazilemba m'zaka za m'ma 1920, ngakhale agogo athu ankazidziwa ali pamtondo. Ndi chodyeramo chimodzi, kamsotiko kadzadya gaga wa m'maloto, pamsana nthenga zitathothoka. Bala lililonse ndi khomo la tizilombo.

Tsopano lamulo lomwe mnansi wanga salakwitsa. Pitani kumsika, gulani tambala wooneka bwino, mumangeni miyendo, mupachikeni chadodolido pachiwongolero cha njinga dzuwa lili paliwombo. Mukafika, musamupatse madzi. Mponyereni m'khola madzulo omwewo kuti adziwane ndi mwinimudzi. Nkhuku zikafikiridwa ndi mlendo zimayambanso kulimbirana maudindo, ndipo ndewuyo imatenga masiku. Ana asangalala, lipombo likhetsa magazi, inu muziwomba m'manja. Musaganize kuti wopambana ndiye wapulumuka. Ofufuza anyani ku Amboseli, ku Kenya, anapeza mu 2011 kuti nyani wamwamuna wapampando amakhala ndi homoni ya nkhawa yochuluka ngati ya anyani apansi penipeni. Mpando umadya mwini wake, kaya ndi kunkhalango kaya kwina kumene sindikutchula.

Apa pokha ndileke nthabwala, chifukwa zimandinyansa. Nkhuku yachilendo imayenera kukhala payokha masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake. Chitopa ndi kachilombo, ndipo kawirikawiri chimalowa m'mudzi pa njinga, m'thupi la tambala wogulidwa motchipa kwa munthu amene waona kuti kwake zayamba kusinza. Nkhuku zanu zikadwala, zanga kuseri kwa mpanda nazo zimapita.

Zinazo n'zosavuta. Zitosi musachotse, fungo lake lipsereze njira ya mpweya. Mawindo n'ngolowetsa akuba. Galu azithamangitse pochita masewera.

Katemera wa I-2, wodontheza m'diso uja, amaperekedwa miyezi inayi iliyonse kwa nkhuku zathanzi, matenda asanafike. Inu dikirani mpaka zitatu zitapinda khosi, kenako itanani wotemera mwaukali. Katemera sachiza, amangophunzitsa asilikali a m'thupi kuzindikira mdani, ndipo asilikali anjala, osagona, omenyedwa tsiku lililonse saphunzira bwino. Zikafa, uzani mudzi wonse kuti kadontho kaja ndiko kazipha. Wina akakufunsani za tambala wa kumsika, sinthani nkhani, tchulani gogo wina yemwe anadutsa pafupi ndi khola Lachiwiri n'kuyang'ana moipa.

Dzulo ndamuonanso mnansi wanga akutsika njinga, pachiwongolero pakulendewera atambala awiri.