Wachedwa Ndani, Sikirini Kapena Woidikira?

Ndifunse nawo, inu akatswiri a Linux, ndipo musandiseke. Kompyuta ikamadandaula kuti nthawi yodikira yatha, pamene sikirini inayankha kalekale, wanama ndani?

Akuti mu kernel muli driver wotchedwa i915, woyendetsa zithunzi pa makompyuta a Intel. Akafuna kulankhula ndi sikirini ya pa DisplayPort, kale ankatumiza funso n'kugona, atatchera nthawi ndi wait_event_timeout(). Yankho likafika msanga, ankauzidwa nthawi imene yatsala. Likapanda kufika, ankapatsidwa 0. Apa ndamva bwinobwino.

Nanga yankho likafika pa nthawi yake, koma wogonayo n'kuchedwa kudzuka poti purosesa yatanganidwa ndi zina? Akuti kale ankapezanso 0 yemweyo, basi n'kulengeza kuti sikirini sinayankhe. Aa! Si mlonda uyu, wodzidzimuka kutulo, kuyang'ana wotchi osayang'ana pageti, n'kukauza abwana kuti mlendo sanabwere, mlendoyo ali chiimire pomwepo?

Wotchi yakenso ndi yoyenda modumpha. Imawerenga ma jiffy, ndipo kernel ikaikidwa pa HZ 250, jiffy imodzi ndi mamilisekondi 4. Ndiye kudikira mamilisekondi 10 ndi ma jiffy atatu okha. Kungochedwa pang'ono kudzuka, atha onse.

Ine ndikanati ingowonjezerani nthawiyo. Koma akuti ayi: sikirini ikafadi, munthu adzadikira nthawi yaitali pachabe, komanso purosesa ikhoza kutanganidwa kuposa nthawi yowonjezerayo. Chabwino, zamveka.

Mu 2013 Imre Deak wa ku Intel anakonza vutoli, ndipo mankhwala ake ndi amene akundizunguza mutu. Wodikira akadzuka n'kupeza chimene ankadikiracho chachitika, azipatsidwa 1 m'malo mwa 0, ngakhale wotchi itati nthawi yatha. Basi? Mizere yochepa chabe? Sanakonzenso mu i915 mokha, anakonza wait_event_timeout() mwiniwakeyo, chifukwa ma driver ambiri ankakhulupirira kuti 0 amatanthauza kulephera basi.

Chatsala chimodzi, akuluakulu. Njira ina yodikirira ya i915, wait_for(), imayamba yaona wotchi, kenako hardware, ndiye n'kugamula. Ndinkati zonse n'chimodzimodzi. Koma mukayamba ndi hardware, purosesa n'kukuimitsani musanaone wotchi, yankho n'kufika muli chiimire, simunenanso bodza lomwe lija?